Kuperekeza ba Sakala pa Great East Road

Apongozi anga, ba Sakala, anabwera ku Lusaka pa lole, Great East Road ikadali ya fumbi, Chipata akuitcha Fort Jameson. Ankakonda kunena kuti msewu umene unawabweretsa ndi umene udzawabweze kwawo ku Petauke.

Anamwalira chaka cha makuponi ogulira chakudya, ufa tikulimbirana pa mzere, dizilo kulibe. Galimoto ya maliro ikanachokera kuti? Tinawaika kumanda a ku Chingwere, mu Lusaka momwemo. Mwana wawo Fred, mwamuna wanga, manyazi anamugwira. Sanagwade pa bokosi kuwauza kuti ulendo walephereka.

Tsiku lina madzulo magetsi anazima ku Kalingalinga, monga mwa masiku onse. Ndikutsuka mbale, tinamva kugogoda.

"Odi. Fred, ndiperekeze pa msewu."

Mawu a ba Sakala ndinkawadziwa, ndi kachifuwa kawo ka fodya komwe. Fred anayamba kuvala nsapato.

"Ba Fred, mwafuntha? Batate tinabaika m'manda!"

"Mulendo sayenda yeka, Philomena. Nizabwela manje manje."

Ndinamutsatira. Pa msewu waukulu nyale zonse zinali zakufa. Fred ankayenda m'mphepete, atasiya malo kudzanja lamanja, mkono uli lende ngati wanyamula chikwama cha mlendo. Pambali pakepo panalibe munthu. Koma mawu ankamveka.

"Apa pa yunivesite panali thengo, mwana wanga. Kutsogoloko tinakankha lole m'matope."

Kwathu woperekeza sabwerera yekha. Amadikira mlendo anene kuti, "Bwererani pano." Ndinawadikira mawu amenewo mpaka pa Munali. Sanamveke. Ndinakuwa dzina la Fred mpaka kummero kunauma, iye osacheuka. Ana ndinali nditawasiya okha m'nyumba. Ndinabwerera ndikulira.

Patapita masiku, dalaivala wina wa lole anati wamuona Fred ku Chongwe. Wina anati ku Rufunsa. Achibale atapitako, anapeza nsapato zokha. Sabata yatha, ba Chalwe, oyandikana nafe amene amagula nsomba ku Luangwa, anandiitanira kuseri.

"Ba Fred nabaona pa buliji ya Luangwa. Bayonda maningi. Koma benze kuseka, monga muntu amene akamba na batate bake."

Amayi a pa mpopi amanong'onezana kuti nkhalamba ikungofuna kufika kwawo, ilibe mlandu ndi mwana. Mwina. Kwatsala Nyimba, kenako Petauke.

Usiku sindigona, ndili ndi mantha. Ba Sakala ndimawadziwa. Munthu akawaperekeza mpaka pakhomo, sankamubweza. Ankati, "Lowa, upumule."