Msoti wa Chinkhoswe cha Mirriam

Ku Kawale kunali nyumba ina imene ngakhale mphemvu zinkadziwa nthawi ya mapemphero. Eni ake anali a Jeremiah Kachiwanda, mkulu wa mpingo, amene ankagwira ntchito yosankha fodya ku Kanengo. Akazi awo, Amayi Lonely, ankasoka mayunifomu pakhonde. Ana analipo awiri: Mirriam, mtsikana wofatsa amene chinkhoswe chake chinali pafupi, ndi Chisankho, mnyamata wa Folomu 4 amene kale ankaimba kwaya mpaka mbalame kuchita nsanje.

Chimene chinamuwononga Chisankho si mowa ayi, si atsikananso. Zinali mphekesera.

Ku Blantyre kunali katswiri wa basiketibolo dzina lake Musa, koma anthu ankangomuti Mlongoti. Akuti munthuyo ngwamtali moti mvula imayamba kumunyowetsa iye Lachiwiri, ife n'kudzatipeza Lachinayi. Mpira saponya, amangouika m'kamkombero ngati akuthira mchere m'ndiwo. Tsono kontirakiti yake inatha, ndipo anali mfulu kupita kutimu iliyonse. Chisankho ankasapota Ziwombankhanga za ku Lilongwe konkuno, ndipo analumbira kuti Mlongoti akubwera kutimu imeneyi basi.

Kuyambira pamenepo foni inamera mizu m'dzanja lake. Pagulu la Watsapu la masapota nkhani inkasintha ngati bilimankhwe. M'mawa ankati Mlongoti amuona padepoti atanyamula chikwama. Masana ankati ayi, wapita ku Zambia. Pofika madzulo ankati zonsezo ndi bodza, azakhali ake akumufunira nyumba ya denga lalitali ku Area 25.

"Chisankho, madzi aja watunga?" anafunsa amayi ake tsiku lina.

"Tadikirani Amayi, munthu akusaina."

"Akusaina ndi iyeyo. Nanga iwe ukusaina chiyani? Mayeso ali pakhomo."

"Mayeso amabwera chaka ndi chaka. Mlongoti kukhala mfulu n'kamodzi."

Abambo ake atamva, anamuitana. "Mwana iwe, Mlongoti wakoyo akudziwa kuti uli moyo?"

"Adzandidziwa. Tsiku lofika wokamuchingamira ndine."

"Chabwino. Kuyambira lero bandulo yochokera m'thumba mwanga yatha."

"Musavutike, Abambo. Foni ndi yanga, maso ndi anga, timunso ndi yanga."

Sabata ya chinkhoswe, amalume awo a Grain, amene anali nkhoswe ya Mirriam, anafika kuchokera ku Dedza atakumbatira msoti woyera kuti mbee. Mukudziwa inu mwambo wake: pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kupereka msoti, ndipo nkhukuzo zikasinthana manja ndiye kuti mabanja awiriwo agwirizana. Msoti umenewu a Grain anaulera okha, ankaudyetsa bwino kuposa ana awo.

Loweruka m'mawa onse anatsogola kuholo ku Biwi kukakonza malo. Msoti anausiya kuti usatope ndi phokoso, anauika m'dengu n'kuphimba ndi chitenje chatsopano.

"Mphwanga, ntchito yako ndi imodzi," anatero a Grain. "Dzuwa likafika pamutu, dengu ili likhale lafika kuholo."

"Zing'onozing'ono zimenezo, Amalume," anayankha Chisankho, maso ali pafoni.

Ananyamuka bwinobwino. Koma atafika pamsika, wina analemba pagulu paja kuti: "Yotentha! Mlongoti alengeza masana ano." Chisankho anati atsegule nkhaniyo, foni inangozungulira. Bandulo inali itatha. Anaima pakati pa msewu ngati wagwidwa ndi magetsi, mpaka wakabaza anamutukwana.

Pafupi pomwepo panali benchi ya Medson, mnyamata wogulitsa mayunitsi uku akukazinga nkhuku pachiwaya.

"Aise, nkhope bwanji ngati wameza ndimu?" anatero Medson.

"Bandulo yandithera, mani. Mlongoti akulengeza lero."

"Eee! Ndiye sapota wamkulu ngati iwe ukamve kwa ana? M'dengumo muli chiyani?"

"Msoti wa chinkhoswe cha asisi."

Medson anasuzumira, n'kumeza malovu. "Nkhuku ndi nkhuku, aise. Kawale yense ndi nkhuku zokhazokha, ugwira ina panjira. Koma Mlongoti alipo mmodzi. Siya iyi, ndikuthirire bandulo ya sabata yonse."

Mtima unamuuza Chisankho kuti usatero. Iye anauyankha kuti ukhale chete, akuluakulu akukambirana za mpira. Msoti usanamalize n'kulira komwe, unali utasanduka zidutswa pachiwaya.

Chisankho anabwerera chakunyumba kukasaka nkhuku ina. Podutsa kuseri kwa mpanda wa Amayi Salama, oyandikana nawo nyumba, anaona chinthu choyera chikupalasa. Anachimbwandira ndi dzanja limodzi, linalo likutsitsa mauthenga. Sanachiyang'ane n'komwe. Anachikankhira m'dengu, n'kuphimba, ulendo wa ku Biwi.

Muholo munadzaza. Mkwati anali Kings, mnyamata wa ku Rumphi, ndipo abale ake anabwera atatchena masuti ngati akupita kusinodi. Nthawi itakwana, nkhoswe ya kuchimuna inakweza tambala wofiira, amayi n'kululutira. A Grain nawo ananyamula dengu lija, akuvina monyadira, mapewa akugwedera. Atafika pakati anavundukula chitenje.

M'dengumo munatumphuka tambala. Woyera inde, koma tambala, lipombo lake ngati chikhatho cha munthu. Anaima pathebulo la akwati, anakupiza mapiko, n'kulira kuti kokoliliko!

Wofiira uja sanafune zachipongwe. Anapulumuka m'manja mwa nkhoswe, nkhondo n'kuyambika. Mabotolo a zakumwa anagwa, maluwa anamwazika, azimayi anakwera pamipando. Nthenga zake akuti zina zinakatera ku Kanengo, n'kusankhidwa pamodzi ndi fodya.

Atawalanditsa, nkhoswe ya kuchimuna inapukuta suti yake pang'onopang'ono.

"Tamva, achimwene," inatero. "Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mwatiuza pamaso pa anthu kuti m'nyumba ya mwana wathu wolira adzakhala mwana wanu."

"Pepani, pepani, pali kulakwitsa," a Grain anagwada. "Ine ndinabweretsa msoti."

Mwina zikanatheka kukambirana. Koma pakhomo panatulukira Amayi Salama, thukuta lili kamukamu, chitenje atamangira m'chiuno.

"Tambala wanga! Ana amuona mwana wa a Kachiwanda akumuba. Ndalondola kuchokera ku Kawale wapansi!"

"Ndiye ngwakubanso?" inatero nkhoswe ija. Inatola tambala wake wofiira n'kumupanira m'khwapa. Akuchimuna onse anaimirira. Kings anatuluka azakhali ake atamugwira mikono uku ndi uku, iye akucheuka.

A Jeremiah anamupeza Chisankho kumbuyo, atatsamira khoma.

"Msoti uli kuti?"

"Uli kwa Medson, Abambo. Koma anthuwa akungokokomeza. Nkhuku ndi nkhuku."

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera. Ndipo taonani, holo ili mbwee ndi nthenga, amayi ake akulira, mnyamatayo anaitulutsabe n'kuwerenga. Mlongoti anali atasainanso ndi timu yake yakale ya ku Blantyre. Akuti sanapite n'kudepoti komwe, masiku onsewo anali kwawo akupuma.

Mirriam anabwera, nthenga ili m'tsitsi. Sanakalipe.

"Achimwene, mwandisinthanitsa ndi bandulo. Tsono tandiuzani, munthu wanuyo wabwera?"

"Sanabwere."

"Nayenso Kings sabweranso."

Zinaterodi. A Grain anayenda maulendo kukapepesa mpaka nsapato zinatha zidendene, koma a ku Rumphi anati banja lopereka tambala wakuba sangakwatireko. Mirriam anatopa ndi kulozedwa zala pamjigo, anasamukira ku Dedza. Mayeso aja Chisankho analephera moti ngakhale wochonga anamumvera chisoni.

Lero mukadutsa pamsika wa Kawale mukamupeza pabenchi ya Medson akusosola nkhuku, malipiro ake bandulo. Ana akamuona amalira kuti kokoliliko. Iye amangokweza mutu n'kunena kuti, "Sekani. Kontirakiti yatsopanoyo idzathanso, ndipo ulendo umenewo abwera."

Ana inu, mpira si tchimo, kusapota si tchimo. Koma chinthu chikayamba kukutsekani makutu kwa makolo, mawa chidzakutambasulitsani dzanja pa chinthu cha eni. Wakuba sayamba ndi ng'ombe, amayamba ndi mawu oti nkhuku ndi nkhuku. Mlongoti mpaka lero sadziwa kuti ku Kawale kuli Chisankho. Amene akudziwa bwino ndi Mirriam.