Ndime Imene Nasiru Sadamalize

Nkhani iyi anthu a ku Chia amaikamba motsitsa mawu. Ena mukangoiyamba amanyamuka n'kumapita.

Chidali chaka cha riferendamu, anthu akukangana za nyali ndi tambala. Maimuna adalibe nazo ntchito zimenezo. Mutu wake udali pa mbande za mpunga zimene zinkakalambira pa nazale, mwamuna wake Nasiru ali ku Mozambique, kumene ankalondera njanji pamodzi ndi asilikali anzake. Pa wailesi ankati nkhondo ya kumeneko yatha, koma mabomba okwirira pansi samvera wailesi.

Nasiru adali msilikali thupi lokha, mtima udatsalira kudambo. Akabwera pa tchuthi ankangovula nsapato, uyo kumunda. Za nkhondo sankakamba zambiri: kuyenda m'mbali mwa njanji maso ali pansi, kudya nyemba zosapsa, kugona m'dzenje mfuti ili pachifuwa. Koma mukamuyamba za mpunga, mpaka Maimuna kuwodzera. Tsiku lobwerera adangoti, "Amake Zahra, munda wa malemu bambo uja usagone. Ukagona chaka chino, achimwene a Fakiri autenga."

Fakiri naye sankabisa. Madzulo ena, pochokera ku mzikiti, adaima pakhomo.

"Mlamu, ndime zonse zija mutha nokha, ndi pakati pamenepa? Mwezi uno ukatha musanawokere, ine ndilowamo. Munda sudikira mfuti."

Usiku umenewo Maimuna adalira mosatulutsa mawu kuti Zahra asadzuke. Nyumba idamukulira. Adamusowa mwamuna wake koopsa.

M'mawa adatsetsereka kudambo. Atafika adangoti njii. Ndime yoyamba idali itawokeredwa yonse, madzi akadali ovunduka. Anthu a ku Chia masiku amenewo ankawokera mwachisawawa, pomwe dzanja lagwera. Koma apa mbande zidaima m'mizere yowongoka ngati asilikali pa pelete, ndipo mizereyo idayambira kumanzere. Wamanzere wowokera motero adalipo mmodzi yekha mudzi wonse: mwamuna wake.

Adakaitana Enifa, mnzake woyandikana naye nyumba. Enifa adayang'ana, n'kugwira pakamwa.

"Achemwali, munthu akalakalaka kwawo mopyola muyezo, thupi limatsala ligone, mwini wake n'kumayenda. Asiyeni agwire ntchito. Koma chonde, musakawaitane dzina. Woyenda chotere akamva dzina lake amacheuka, njira yobwerera n'kumusokonekera."

Maimuna adaseka pang'ono. Dzina? Chikwatiwire sadalitchulepo. Kwa iye adali bambo a Zahra basi, monga mwa ulemu.

M'mawa mwake ndime ina idali itatha. Kenaka inanso. Fakiri adasiya kupereka moni, n'kumauza anthu kuti mlamu wake akulemba aganyu a usiku. Idatsala ndime imodzi, ya kumapeto, pafupi ndi bango.

Usiku umenewo tulo tidakana. Mvula idali itakata, mwezi ukuoneka mwa apo ndi apo. Maimuna adafunda chitenje, n'kutuluka wopanda nyali. Mumtima ankati, ndikangoona chabe.

Kudambo kudali zii. Achule, amene nyengo imeneyo sapuma, adali chete. Kenaka adamva phazi likuzuka m'matope. Kenaka linzake.

Adamuona. Munthu atawerama pakati pa ndime, atamupatsa msana. Yunifolomu. Thalauza lopinda mpaka m'mawondo. Mfuti kumsana. Dzanja lamanzere likutsika m'madzi, likukwera, likutsikanso.

Wowokera mpunga amayenda chambuyo, aliyense amadziwa. Ndiye munthuyo, mzere uliwonse akamaliza, ankasendera kumene kudaima Maimuna. Osacheuka. Phazi, mbande, phazi.

Adafika pafupi, moti Maimuna ankamva kupuma kwake. Adaona mmene adawondera, kolala ikugwedera m'khosi. Adaona chipsera cha mbedza chimene ankachidziwa bwino kuseri kwa khutu. Munthuyo adatsokomola, chifuwa chouma chimene sadachoke nacho kumudzi. Nthawi yomweyo mwana adagunda m'mimba. Nasiru adachoka asakudziwa za pakatipo. Maimuna adangofuna kuti mwamuna wake aione mimbayo, kamodzi kokha. Mawu adatuluka okha.

"Nasiru."

Dzanja lidaima m'malere. Munthuyo adawongoka pang'onopang'ono, n'kuyamba kutembenuza mutu.

Mtolo wa mbande udagwera m'madzi, phava! Padalibenso munthu. Achule onse adayamba kulira nthawi imodzi.

Mpunga utayamba kutulutsa ngala, kudabwera msilikali wina dzina lake Sufiyani, atanyamula chikwama cha Nasiru. Adakhala pa mkeka, n'kuyamba kufotokoza.

"Mayi, ine ndinkagona naye dzenje limodzi. Kumene tidaliko n'kwa mchenga, mvula kudalibe. Koma masiku omalizawo ankadzuka ali matope akuda mpaka m'mawondo, misundu ili m'miyendo. Atatopa, koma akumwetulira. Ankangoti, kwatsala pang'ono."

"Ndiye?"

"Usiku wina adadzidzimuka, n'kuyankha ngati waitanidwa. Adati, 'Amake Zahra?' Adatuluka m'dzenje, kulowa m'tchire. Tidafunafuna, mayi. Ngakhale nsapato sitidaipeze."

Padalibe mtembo woti ausambitse, padalibe manda oti akawaone. Munda udatsala m'manja mwa Maimuna, chifukwa Fakiri sadaupondenso. Mpunga udacha bwino chaka chimenecho, anthu mpaka kumaima pamsewu.

Ena amati Nasiru adaponda bomba. Ena amati adathawa usilikali. Koma akazi a ku Chia, akamaviika chinangwa, amanong'onezana kuti munthuyo akadali pa njira, sakudziwa kolowera.

Maimuna amangopitiriza kulima mundawo. Kungoti chaka chilichonse, akamawokera, amasiya mizere ingapo pafupi ndi bango, n'kuika mtolo wa mbande cha kumanzere. M'mawa, kusanayere bwino, amapita yekha kukaona.