Wakuba wa M'kanyumba Kowambira Nsomba

Madzulo a Lachinayi limenelo ndinayatsa utuchi m'kanyumba kanga kowambira nsomba mtima ukadali wothupsa. Ndinapachika nsomba zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa akiaji zisanu ndi ziwiri, zong'amba bwino, zitagona mumchere masiku atatu. Ndinatseka chitseko n'kukhoma loko watsopano. Kiyi ndinaika m'thumba la malaya.

Loko ameneyo ndinagulira munthu mmodzi, Kumagai.

Ine ndine Oikawa. Ndinayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo nditapuma pantchito chondisangalatsa chinatsala chimodzi, kuwedza. Mkazi wanga anamwalira kalekale, mwana wanga ali ku Tokyo. Kumagai ndinayamba kuwedza naye tili anyamata. Kanyumbako tinamanga awiri kuseri kwa nyumba yanga, iye anabweretsa matabwa, ine malata.

Tinayambana Lolemba. Mwezi wa Seputembala, akiaji zikayandikira kugombe, malo amasowa. Anthu amachokera kutali kudzazika ndodo zawo mumchenga, ndipo ukachoka pang'ono umapeza wina waima pako. Ine ndinagona m'galimoto masiku awiri kulondera malo athu akale, msana uli gwa. Tsiku lachitatu ndinathamangira kunyumba kukasamba. Pobwerera ndinapeza ndodo zanga zinayi zazulidwa, zili mbwee pamchenga. Pamalo panga panaima mkamwini wa Kumagai wa ku Sapporo, atavala zowedzera zatsopano ngati akupita kukajambulitsa.

"Ndodo zanga wazula ndani?" ndinafunsa.

"Ndine," anatero Kumagai. "Nanga zinamera mizu?"

Anthu anaseka.

"Ndagona pano masiku awiri, iwe uli m'bulangete kwanu."

"Aaa, mdala, uyu ndi mlendo. Wabwera masiku awiri okha. Nyanjayi ikuthawa?"

Tili mkati moyankhula, mkamwini uja anakoka nsomba yaikulu yaikazi, mimba ili tho ndi mazira. Pamalo panga. Kumagai anathamanga kukamuthandiza, akukuwa ngati mwana. Sananditembenukirenso.

Ndinapita kunyumba. M'kanyumba muja munali nsomba za Kumagai zisanu, zili mumchere pamodzi ndi zanga. Ndinazitenga n'kuzitaya pamsewu. Pamene ankafika madzulo anapeza akhwangwala akulimbirana mitu.

Anaima nthawi yaitali akuziyang'ana.

"Oikawa, nsomba zalakwanji?"

"Kawambire kwa mkamwini wako."

"Kanyumbaka n'kathu tonse."

"Kali pabwalo panga. Usadzapondenso pano."

Analowa m'galimoto n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo kugombe sindinapitenso. Foni ikalira n'kuona kuti ndi ya kwa Kumagai, ndinkaisiya ilire mpaka itope. Lachitatu inalira kanayi.

Ndiye Lachisanu m'mawa ndinapita kukaona utsi. Loko anali momwe ndinamusiyira. Ndinatsegula.

Nsomba zonse zinali zitatembenuzidwa.

Ine ndimapachika nsomba mutu m'mwamba. Kumagai amapachika mchira m'mwamba, akuti mafuta ayenderere bwino. Nkhani imeneyi tinakangana zaka makumi anayi osagwirizana. Tsopano nsomba zanga zinali lende, mitu pansi. Ziwiri zinagwera m'phulusa. Imodzi inali itadyedwa pamimba, pamene pali mafuta.

Ndinatukwana mokweza mpaka agalu a kutsidya kwa msewu anayamba kuuwa. Ndinazungulira kanyumba konse. Thabwa lozuka panalibe. Zenera kalibe, kali ndi kabowo kotulukira utsi komwe ngakhale mphaka sangalowe. Ndinati basi, galu ameneyu wapeza njira yotsegulira loko. Ndinapita kusitolo kukagula wina wamkulu. Nsomba ndinazibwezera mitu m'mwamba.

Loweruka m'mawa, zomwezo. Mitu pansi. Ina yodyedwa pamimba. Utuchi wina unali utakankhidwira pambali, moto utatsala pang'ono kuzima. Nsomba ndinazibwezeranso mitu m'mwamba.

Nsomba zimenezo zinali za mwana wanga. Anali woyembekezera, ndipo pafoni anandiuza kuti chakudya china chilichonse chikumunyansa, akungofuna nsomba zowamba bambo ake. Ndinamulonjeza. Tsopano munthu wamkulu, wa imvi, ankabwera usiku kudzaziluma ngati khoswe.

Ndinapita kwa Kumagai. Makatani anali otseka, galimoto palibe. Ndinamenya chitseko ndi chibakera.

"Tuluka! Ndikudziwa uli momwemo! Wakuba iwe!"

Zii. Ndinalavulira pakhonde n'kubwerera.

Usiku wa Loweruka umenewo ndinazimitsa magetsi msanga kuti aone ngati ndagona. Ndinavala jekete ziwiri, ndinatenga tochi ndi kachibonga kophera nsomba, n'kukakhala kuseri kwa mulu wa nkhuni. Chitseko cha kanyumba ndinkachiona bwinobwino. Mwezi unalipo pang'ono.

Kunazizira. Mphepo inkachokera kunyanja. Ndinamva sitima yapamtunda yomaliza ikudutsa, kenako kunangoti zii. Miyendo inachita dzanzi. Kangapo ndinafuna kulowa m'nyumba, koma ndikakumbukira anthu aja akuseka pagombe, tulo tinkathawa.

Cha m'ma thuu koloko ndinamva mapazi pamiyala ya pabwalo.

Sanali mayendedwe a munthu wabwinobwino. Phazi limodzi linkaponda, linalo linkakwekwereza. Kuponda, kukwekwereza. Kuponda, kukwekwereza. Ndinasuzumira. Pabwalo ponse panali poyera, munthu panalibe. Koma mapaziwo anadutsa pafupi nane, moti miyala ndinkaimva ikusuntha. Anakafika pachitseko cha kanyumba n'kusiya.

Loko sanagwedezeke. Chitseko sichinatseguke.

Kenako mkati munamveka chifuwa.

Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa. Ndinachimva zaka zonsezi m'bandakucha uliwonse pagombe, chifuwa cha munthu amene anayamba fodya ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mantha amene anayamba kundigwira anasanduka ukali. Ndinathamangira pachitseko. Kiyi anandipulumuka kawiri. Nditatsegula, utsi unandimenya kumaso.

Ndinawalitsa tochi.

Anali atanjuta pafupi ndi moto, atandifulatira. Anavala zogonera zopyapyala, zobiriwira. Kumapazi analibe kanthu, m'chisanu chimenecho. Dzanja lamanja linali lende ngati la munthu wina. Lamanzere linagwira nsomba yanga, akuiluma pamimba. Zina zinkagwa m'kamwa n'kumagwera pachifuwa.

"Walowa bwanji muno?"

Sanatembenuke.

"Ndikufunsa iwe, galu! Waledzera eti? Wayamba kuyenda ndi zogonera ngati wamisala?"

Anatembenuka pang'onopang'ono. Pakamwa pake panali patapotokera mbali imodzi. Ine ndinaona ngati akundinyogodola.

"Ukuseka? Ukundiseka ine?"

Milomo yake inagwedezeka nthawi yaitali mawu asanatuluke. Atatuluka anali olemera, ngati lilime lamukulira m'kamwa.

"Moto," anatero. "Wachuluka... moto."

"Moto wa ndani? Nsomba za ndani? Choka!"

Anaika pansi nsomba ija. Anadzuka movutikira, akutsamira khoma. Ndinaganiza kuti akutuluka. Koma anatambasula dzanja lamanzere lija n'kugwira nsomba ina yomwe inali mutu m'mwamba, kuti aitembenuze. Ine ndili pomwepo. Ndikuona.

Ndinamenya dzanjalo ndi kachibonga. Ndinamenya ndi mphamvu zonse, momwe ndimamenyera mutu wa nsomba.

Kunamveka thyo, ngati kamtengo kouma.

Sanakuwe. Sanabweze ngakhale dzanja. Anangondiyang'ana. Diso limodzi linali lotseka pang'ono, linalo lili tong'o, ndipo m'diso lotsegukalo munatuluka msozi. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mpweya wanga ukuoneka m'kuwala kwa tochi chifukwa cha kuzizira, koma wake ayi.

Tochi inandigwa. Ndinawerama kuitola. Powalitsanso munalibe munthu.

Ine ndinali nditaima pakhomo penipeni. Kanyumbako n'kakang'ono, ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri. Ndinawalitsa m'mwamba, m'makona, kuseri kwa mgolo wa utuchi. Munali nsomba zokha, imodzi ikugwedezeka pachingwe. Pansi panali yodyedwa ija, malovu akadali pomwepo.

Ndinalowa m'nyumba, ndinayatsa magetsi onse, n'kukhala pampando mpaka kunja kunayera. Ndinkadziuza kuti wandizemba mu utsi. Ndinkadziuza kuti kukacha ndikamuonetsa.

Kutacha ndinapitanso kwawo. Ndisanagogode, a Hisae oyandikana nawo nyumba anatuluka ndi thumba la zinyalala.

"A Oikawa, mwabwera liti kuchokera kuchipatala? Ali bwanji anzanu?"

"Chipatala chanji?"

Anaika thumba pansi. "Inu simunamve? A Kumagai anagwa Lachitatu ku Kitami, akuperekeza mkamwini wawo kusiteshoni. Sitiroko. Akazi awo, a Fusako, akhala akukuimbirani, akuti simukuyankha."

"Lachitatu liti?"

"Lomweli lapitali. Chigonekereni sanadzuke."

Ku Kitami ndi ulendo wa maola awiri. Sindikumbukira kuti ndinayenda bwanji.

A Fusako, akazi ake a Kumagai, ndinawapeza m'khonde la chipatala akukalipira namwino. Mayi ofatsa aja, amene sindinawamvepo akukweza mawu chikwatiwire.

"Mukuti ndawadyetsa ine? Ine? Munthu chakudya chikudutsa m'kapaipi, ine ndiwapatse nsomba kuti atsamwe? Fotokozani za zala! Zala zathyoka bwanji munthu ali pabedi?"

Namwinoyo ankangowerama. "Mayi, tikufufuza. Usiku wonse tinkawaona. Sanasunthe."

Atandiona anandigwira mkono. "Alamu, mwabwera. Taonani zimene achita anthu awa. Masiku atatu akupeza nyama ya nsomba m'kamwa mwawo m'mawa, akumati ndine. Mapazi akumada bii ngati ayenda paphulusa. Lero zala ziwiri zathyoka, dzanja lamanzere. Dzanja lokhalo limene linatsala. Ndikawafunsa kanthu ankandifinya nalo. Kamodzi, eya. Kawiri, ayi. Lero ndiwafunsa bwanji?"

Ndinalowa nawo m'chipinda. Kumagai anali chagada, mapaipi m'mphuno, atavala zobiriwira zija. Pakamwa popotoka. Dzanja lamanzere lili m'mabandeji.

M'chipindamo munkanunkha utsi. Osati wa fodya. Utsi wa utuchi, wosakanikirana ndi mafuta a nsomba.

"Fungo ili akuti likuchokera kuti sakudziwa," anatero a Fusako. "Asintha zofunda kawiri."

Anali ataima pafupi nane, ndipo ndinawaona akukoka mpweya. Anayang'ana jekete yanga, yomwe ndinali ndisanavule chivalire usiku. Kenako anayang'ana amuna awo. Anachotsa dzanja pamkono wanga.

Ndinati ndikukamwa madzi, ndipo sindinabwererenso m'chipindamo.

Usiku umenewo kanyumba sindinakhome. Ndinasiya chitseko chotsegula, nsomba zotsala ndinazipachika mchira m'mwamba. Ndinakhala pakhomo mpaka mbandakucha, ndikuyankhula ndekha ngati chitsiru. "Bwera tsono. Bwera udzadye. Unali ndi mphamvu zodzandiputa, bwera." Sanabwere. Ngakhale usiku wotsatira.

Anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi, osatsitsimuka.

Pamaliro anthu ankanong'onezana. A Hisae anali atafalitsa kale zoti ndinkamenya chitseko ndikukuwa kuti wakuba, mwini wake ali chikomokere. Za mapazi akuda ndi fungo la utsi zinafikanso m'tauni, kaya anabweretsa ndani. Azibambo a kugombe ankati ndi nkhandwe inkadya nsomba zanga, zinazo ndi mowa wanga. Amayi achikulire ankati ayi, munthu akakhala pakati pa moyo ndi imfa amatuluka m'thupi n'kupita kumene mtima wake unatsalira. Ndikamadutsa ankasiya kuyankhula.

Mwambo utatha ndinadikira anthu achepe. Ndinapita pakhomo kukatsanzika. A Fusako anatuluka okha, atavala zakuda. Sanandiuze kuti ndilowe.

"Alamu, ndikufunsani kamodzi kokha. Ankabwera kwanu?"

"Eya."

"Masiku onse atatu?"

"Eya."

"Munawaona ndi maso?"

"Tsiku lomaliza."

"Anayankhula?"

"Anati moto wachuluka."

Ndinkadikira kuti afunse za zala. Ndinali nditakonzeka kuwauza. Koma nkhope yawo inauma ndi ukali umene sunali wa kwa ine ndekha.

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi tili m'banja," anatero. "Ndinagona pampando pambali pawo masiku onse aja, ndikuwapempha mawu amodzi okha. Iwo n'kumadzuka usiku kupita ku nsomba."

Anatseka chitseko.

Za zala sanandifunse mpaka lero. Tikakumana m'sitolo amapatukira mbali ina.