Pulojekita ya Pamwamba pa Kabati

Pulojekita inagonera pamwamba pa kabati ya m'kalasi, ikadali m'katoni. A hedi anali atachenjeza kuti ikapanda kugwira ntchito teremu imeneyo, aipereka kusukulu ina.

Nthawi yopuma, mnyamata wolongolola amene ankamutcha Mneneri anakwera pa desiki n'kuyamba kulosera.

"A masamu aiopa ngati njoka. A Chingelezi adzaiyatsa kukabwera alendo basi. Koma a Choko? Mpaka bulu amere nyanga!"

A Choko anali mphunzitsi wa sayansi wa imvi, wolemba tizilembo ngati nyerere.

"Aiyatsa," anatero mtsikana wa kumbuyo.

Ankamutcha Tsinya, poti nkhope yake inkakhala yokwinya. Anzake ankati ndi matama. Palibe ankadziwa kuti kwa iye bolodi linali nkhungu yokhayokha. Tsiku limene oibweretsa anaiyesa pulojekitayo, Tsinya anaona pakhoma tsamba lalikulu, mitsempha yake ngati mitsinje, ndipo ankalilota mpaka pano.

Ataweruka, Tsinya anatsekereza a Choko pakhomo.

"Aphunzitsi, zimene mumalemba sindiziona."

"Khala kutsogolo."

"Ndinayesa. Chimodzimodzi."

"Mwanawe, choko chandikwanira zaka zonsezi."

"Chakukwanirani inu. Ine ndilephera mayeso, koma sindilola kuti munene kuti ndine mbuli."

A Choko anamuyang'ana, anasasa fumbi m'manja, n'kuchoka.

Masiku anapita, katoni ili phee. Mneneri ankamuseka: "Nyanga zija zamera, achemwali?" Tsinya ankangoluma mlomo.

M'mawa wina kumapeto kwa teremu, pakabati panali mbee. Mtima wa Tsinya unagwa. Aitenga basi!

Chitseko chinatseguka. Analowa a Choko atakumbatira pulojekita ngati khanda, chingwe chikukhwekhwereza pansi. Anadina apa, anadina apo, thukuta lili kamukamu. Khoma linawala, koma zonse zinali chadodolido. Kalasi inafa ndi phwete.

"Sekani, ndaphunzira dzulo," anatero. "Iwe Mneneri, tsika pa ulosi, udzandithandize kuitembenuza."

Zilembo zitaongoka, a Choko analoza kumbuyo. "Werenga, mwanawe."

Tsinya anaimirira n'kuwerenga mzere wonse mokweza, osapunthwa, nkhope ili yosalala.

Mneneri anamuyang'anitsitsa, pakamwa pali yasa.

"Kani nkhope yako ndi yotereyi?" ananong'ona. "Nanga tizikutcha ndani tsopano?"

"Losera," anayankha Tsinya, maso ali pakhoma.