Lamba wa Mpando wa Kutsogolo

Jesinta ananyamuka pa Dyeratu kutada kale, ndipo ananyamuka atakwiya. Anali atayenda mtunda wonse kuchokera kwawo kudzafuna makaniko, koma amakaniko onse anawapeza ataunjikana m'chinyumba cha vidiyo, maso ali pa mpira. Mmodzi yekha ndiye anatuluka n'kumubwereka sipanala ndi sikurudiraiva, ati ngati sikuruu ya m'galimoto mwawoyo ikukana angothyola chipulasitiki chimene yagwiracho basi. Kuthyola! Galimoto yoti mwini wake ankaipukuta ndi mpango wa m'thumba? Akabaza nawo anali ataweruka. Mayiyu anangokulunga zitsulozo m'chitenje n'kuuyamba wapansi wa kwawo kwa Kasisi.

Amuna ake, a Paison, anali dalaivala wa kagalimoto kawokawo ka hayala mpaka pamene sitiroko inawagwetsa, n'kuwapha mbali ya kumanzere ndi kuwamanga lilime. Chiyambire sanatulutsepo mawu omveka. Mawa lake ankafunika kwa dokotala ku Blantyre, ndipo woyendetsa anali mng'ono wawo Dennis. Koma munthu woti sangakhale tsonga payekha angakwere bwanji makona a phiri la Thabwa popanda chomugwira? Madzi atasefukira m'dzinja anaipeza galimotoyo itapendekera kumanzere, matope n'kulowa m'kachitsulo kokulunga lamba wa mpando wa kutsogolo. Kuyambira pamenepo lambayo ukamukoka ankangoti gwa.

Ulendo wapitawo Dennis anachita zake zachidule: anawamangirira akulu akewo kumpando ndi chitenje. Atafika pa rodibuloko, ogulitsa mazira anasuzumira n'kuyamba kuseka, ati taonani mbuzi ikupita kumsika. A Paison sakanatha kuyankha, misozi inangotsikira m'kolala. Tsopano akangomva za Blantyre ankatembenukira kukhoma. Jesinta ankadziwa kuti lambayo akapanda kugwira ntchito mawa, amuna ake sakwera, ndipo dokotala sawaona.

Masana onse anali atalimbana ndi chipulasitiki chotchinga lambayo m'mbali mwa chitseko. Masikuruu ena anamasuka bwinobwino, koma ya pansi, imene inamwa madzi kwambiri, inagwirana ndi dzimbiri. Anaipota ndi mpeni, anaipota ndi sikurudiraiva yakutha, mpaka mutu wake unasalala ngati batani la malaya.

Ndiye ankayenda akuitukwana sikuruuyo chamumtima. Kutentha kwa Okutobala sikunaphwe ngakhale dzuwa linali litalowa, fumbi linkamuotcha m'mapatapata. Mwezi unalipo, wa theka. Anadutsa nyumba zomaliza, anadutsa minda youma ya thonje, kenaka njira inayamba kutsetserekera ku kamlatho ka pa mtsinje wouma, kamene kali pafupi ndi manda. Kumeneko ngakhale agalu sauwa.

Choyamba kumufika chinali fungo. Fungo la oyilo wakupsa, ngati la m'galaja, pamalo poti palibe ngakhale wilibala.

"Mukuipweteka sikuruu ija, mayi."

Jesinta mtima unadumpha. Kumanja kwake kunali bambo wovala ovololo, akuyenda naye limodzi ngati ananyamukira pamodzi. Anachokera kuti? Tchire silinagwedezeke. Mayiyu anapereka moni, koma mlendoyo sanayankhe moniwo. Anangopitiriza, malankhulidwe ake opendekera ku Chisena, kuti sikuruu ya pansi ija siimva ukali. Aidonthezere mafuta a mabuleki, aisiye imwe. Adule kachidutswa ka chubu cha njinga, akaike pamutu wosalalawo kuti sikurudiraiva ipeze poluma, kenaka aigogode ndi hamala.

"Ndipo musayambe n'kumasula. Yambani mwaimanga."

Ya pansi... anadziwa bwanji kuti ndi ya pansi? Zimenezo Jesinta sanauze munthu. Anayang'ana pansi. Mwezi unajambula chithunzithunzi chake pamsewu. Chake chokha. Anatchera khutu. Phata, phata, phata... mapatapata ake okha. Anaba diso n'kumuyang'ana mnzakeyo. Mutu unali utagonera paphewa, ngati khosi lilibe fupa. Dzanja limene ankalozera linalibe chala cha mkombaphala.

Mayo ine! Tsitsi linaima. Miyendo inalemera. Kuthawa? Athawire kuti, kutsogolo manda, kumbuyo mdima?

Koma Jesinta ndi Jesinta. Mantha anali pomwepo, inde, koma anakumbukira misozi ija ikutsikira m'kolala. Amoyo anamukana chifukwa cha mpira, ndiye uyu amene akuidziwa ntchito amusiye apite? Anafunsa kuti nanga chipulasitikicho chikachoka atani.

Mlendoyo anaseka pang'ono, kuseka kouma. Anati amasule bawuti yaikulu ndi sipanala ili m'chitenjemo. Kachitsulo kokulunga lamba akagwire choimika monga mmene kanakhalira m'galimoto, chifukwa kakapendekeka kamaluma. Kachivundikiro ka sipuling'i asakatsegule ngakhale pang'ono. Lamba amukoke yense, amuchape ndi madzi ofunda ndi sopo wamba, osati mankhwala oyeretsera zovala amene amadya ulusi, ndipo asamubwezere asanaume.

Anafika pa kamlatho. Bamboyo anaima.

"Ine ndimathera pano. Amuna anuwo mukawamange mpaka lamba alire kuti tche. Ine ndinangomukoleka paphewa kuti apolisi aone..."

Jesinta anati athokoze m'chilankhulo cha mwini wake. "Takhuta," anatero akutembenuka.

Panalibe munthu. Mchenga wokhawokha pansi pa mlatho, ndi kafungo ka oyilo kakutha.

Pamenepo ndiye miyendo inakumbuka ntchito yake! Liwiro lake patapata mmodzi anatsala pa mlatho pomwepo, ndipo sanabwerere kukamutenga.

Atafika kunyumba sanalowe n'komwe. Wina akanafunda bulangete n'kuyamba mapemphero, koma iyeyu anangosuzumira pawindo kuona kuti a Paison ali mtulo, n'kuluma tochi ya foni kukamwa, ulendo ku galimoto. Anadontheza mafuta a mabuleki. Anadula chubu chakale cha njinga. Anagogoda, go, go, go. Kenaka anatsamira sikurudiraiva ndi thupi lonse n'kupotera komangira, uku mtima ukumuuza kuti ukupenga iwe, chinthu chokana kale ukuchimangiranjinso? Sikuruu inalira kuti khwee, dzimbiri n'kuthetheka. Atabweza dzanja, inayamba kuyenda mofewa ngati si yomwe ija. Jesinta anaitulutsa, anaiyang'ana pa tochi, n'kuiuza kuti, "Unkadziona ngati ndani?"

Zotsalazo zinangotsatana. Kachitsulo kaja anakaimika pakati pa mawondo, anapopera matope ouma ndi pampu ya njinga, n'kukoka lamba pang'onopang'ono mpaka yense anatuluka. Anamupana ndi mapegi kuti asabwerere. Madzi a m'beseni loyamba anafiira ngati Shire wa mu Januwale, achiwiri chimodzimodzi, mpaka pamapeto lamba amene onse ankamuyesa wofiirira anapezeka kuti ndi wakuda. Anamuyanika pakhonde, mphepo yotentha ya kuchigwa n'kumalizitsa ntchito. Tambala akulira, iye n'kuti akumanga bawuti yomaliza.

Dennis anafika m'mawa atanyamula chitenje chake chija paphewa. Jesinta anachilanda n'kuchiponya padenga la khola. Awiriwo anawanyamula a Paison, amene nkhope inali kumbali, n'kuwakhazika pampando. Mayiyu anakoka lamba, ndipo lambayo anabwera mofatsa, akununkhira sopo. Tche!

A Paison anayang'ana pachifuwa. Anamusisita lambayo ndi dzanja lamoyo lija, anamukoka mwadzidzidzi monga amachitira madalaivala, lamba n'kugwira. Kenaka analoza chipewa chawo cha ntchito chimene chinali chitapachikidwa pamsomali chiyambire matendawa. Jesinta anawaveka. Pa rodibuloko wapolisi anawerama n'kunena kuti mwadzuka bwanji bwana, ndipo ogulitsa mazira aja anangoti maso tuzu. Dennis, monga mwa chizolowezi chake, anangokoleka lamba wake paphewa podutsa apolisiwo.

Anakwera phiri, kona ndi kona, chigwa chikutsalira m'munsi. Pa kona ina yobisika kunatulukira chilole cha simenti chitadya msewu wonse. Dennis anaponda mabuleki mpaka pansi. Matayala analira. Jesinta anakamenya mphumi pampando wa kutsogolo, Dennis chifuwa pa chiwongolero, chilole n'kudutsa chikupukuta kalilole wa m'mbali. Galimoto inaima mphuno itasuzumira kuphompho.

A Paison anali tsonga. Lamba anali atawakumbatira nganganga, ngakhale chipewa sichinagwe.

Ataimika pambali kuti mitima itsike, Dennis akusisita nthiti anafunsa kuti kodi alamu, makaniko wake ndi uti amene anakonza lambayu usiku. Jesinta anafotokoza zonse: ovololo, Chisena, chala chosowa, chubu cha njinga, mpaka mawu aja oti yambani mwaimanga. Asanamalize anamva kupuma kwachilendo kutsogolo. Milomo ya a Paison inkalimbana ndi chinthu cholemera.

"Lo... Lo-ren-so."

Jesinta anagwira pakamwa. Mawu oyamba chigwereni! Anawagwira mapewa amuna ake, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, n'kuwapempha kuti anenenso. Ananenanso, momveka kuposa poyamba.

Koma Dennis sankaseka. Nkhope inali itatuwa ngati phulusa. Anati a Lorenso anali makaniko wochokera kutsidya ku Mozambiki, amene anawaphunzitsa a Paison chiwongolero ndi sipanala adakali mnyamata. Chala chija chinadyedwa ndi fani ya injini. Tsiku lina akuyesa minibasi imene anakonza, tayala linaphulika pa kamlatho kaja, iwo n'kutulukira pagalasi la kutsogolo, khosi n'kuthyoka.

"Alamu, a Lorenso tinawaika m'manda a pa mlatho aja inu musanakwatiwe n'komwe. Ine ndinanyamula nawo bokosi."

Pamenepo a Paison anatambasula dzanja lawo lamanja, n'kugwira lamba amene ankalendewera paphewa la mng'ono wawo, n'kumugwedeza. Dennis anamukoka pang'onopang'ono, mpaka onse atatu anamva kuti tche.

"Tsopano tiyeni," anatero Jesinta akupukuta misozi. "Dokotala akudikira, ndipo bambowa lero akukalankhula okha."