Mukakumbe Mozama

Jestina ananyamuka ku mishoni ya Bembeke dzuwa litalowa kale. Ansembe anali atabatiza khanda lake lodwalalo, nalitcha Gerevazio, ndipo anamupempha kuti agone konko. Koma akanagona bwanji? Mwamuna wake anatengedwa kukasenza katundu kunkhondo ya Ajeremani, ndipo kunyumba kunatsala ana awiri okhaokha.

Anabereka mwana, ulendo. Nkhungu inali itatsika m'mapiri, chisanu chikuluma zala. Chomulimbitsa mtima chinali chimodzi basi: kampweya kofunda ka mwanayo pakhosi pake.

Atafika pamsitu wa kumanda anamva tswatswa m'masamba. Kucheuka... nkhandwe! Nsonga ya mchira ili mbee. Anaiopseza, sinathawe. Iye akaima, nayo imaima. Akathamanga, nayo liwiro. Mayo ine!

Mwala unadutsa pakhutu pake, nkhandwe n'kubwerera m'mbuyo. Pambali pake panaima mayi wamtali wa diso limodzi, miyala ili m'manja, zala zili dothi lokhalokha.

"Tiyeni ndikuperekezeni, amayi," anatero mlendoyo. "Imeneyi ndimaidziwa ine."

Anayenda. Mapazi a mlendoyo samamveka. Akagenda, nkhandwe imathawa. Pang'ono pokha, iyo yabweranso.

"Ikundifuna chiyani?" Jestina anafunsa.

"Si inu ayi." Mayiyo anavundukula nsalu ya mwana, nayang'anitsitsa. "Azimayi akakuuzani kuti khanda sakumbira mozama, kuopa kuti mungaleke kubereka. Mukakane. Mukakumbe mozama, muunjikepo miyala. Wanga ndinangopeza kansalu kokha."

"Mukuti chiyani inu? Wangayu ndi wamoyo!"

Zii... Palibe munthu.

Apo m'pamene anazindikira kuti pakhosi pake pazizira. Anamugwedeza mwana. Chete. Anathamanga akulira, akuitana dzina limene mwanayo analandira masana omwewo.

Anakagwera pakhomo pa amayi ake aakulu, a Magadalena. Iwo anamasula mwanayo, anamugwira pamtima, n'kumufunditsa nsalu mpaka kumutu. Jestina anafotokoza za m'njira, misozi ili chuchuchu.

"Wa diso limodzi?" A Magadalena anagwira pakamwa. "Ndi Dorika ameneyo! Tinamuika chaka cha njala, iwe usanathe msinkhu. Nkhandwe itafukula mwana wake, ankagona pamandapo ndi miyala, mpaka chisanu chinamupha. Kadzenje ka mwanayo tinakumba ndife."

Kuseri kwa nkhokwe nkhandwe inalira.

Jestina sanadikire kuti kuche. Anatenga khasu.