Kabotolo Kochokera ku Khoti

Fabiano anakulira m'nyumba yopemphera, kufupi ndi Makwasa. Bambo ake, a Mathew, akalambira m'minda ya tiyi pa esiteti, koma tiyiyo sanamulawepo. Asabata enieni. Mowa ndiye osautchula n'komwe. Fabiano atakwatira Lizzie n'kubereka kamtsikana, Lisa, anapeza ntchito ya umesenjala pa kakhoti ka majisitireti. Banja lonse linagwada kuthokoza.

Koma ntchito yake, abale! Wosesa anapuma, sanabweretse wina. Womasulira Chilomwe anamwalira, sanabweretse wina. Kusesa Fabiano, kuitana mayina Fabiano, kumasulira Fabiano. Kiyi wa kachipinda kosungira katundu wa umboni anam'patsanso iye. Malipiro, mwezi usanafike pakati atha kale.

"Mwana wanga," anatero a Mathew, "za m'kachipindamo ndi misozi ya anthu. Usakhudze."

Panali Jonas, mlonda wa pa esiteti, ankabwera kawirikawiri kudzachitira umboni. Tsiku lina anasuzumira m'kachipinda kaja n'kuona zigubu za kachasu wolandidwa.

"Amwene, ntchito ya gulu lonse, malipiro a mwana! Ndiye mukulondera kachasu ngati maliro? Mlandu ukatha amakam'tayatu ameneyu."

"Ine sindimwa."

"Lawani chabe. Tithiramo madzi chidzadze. Abwana amanunkhiza zigubu?"

Fabiano analawa. Mawa lake analawanso. Kenako anayamba kumathira m'kabotolo ka juwisi, kumapita nako kunyumba.

Lizzie anamva fungo. "Bambo a Lisa, m'kamwamu mukununkha chiyani?"

"Mankhwala a dzino."

"Dzino lake lomapweteka mukaweruka pokha? Ine ndikuopa. Muno muli mwana woyenda, amatola chilichonse."

"Iwe, usandilalikire. Ukudziwa mmene ndimatopera?"

Lachisanu lina katundu anachuluka, wosanja panalibe. Zigubu zonse zachikasu, zofanana. Fabiano anali atamwa kale, uku abwana akumuitana. Anathira mwachangu, osayang'ana. Chigubucho sichinali cha kachasu ayi. Munali mankhwala opha udzu m'tiyi, amene munthu wina anaba pa esiteti. Atafika kunyumba, kabotolo anakabisa kuseri kwa ndowa.

Mmawa wa Sabata, Lizzie akumanga duku, anangomva, "Amama, juwisi!"

Kutembenuka, kabotolo kali pakamwa pa mwana. Anakamenya kagwere uko. Fungolo analidziwa, ndi lomwe limamveka m'minda akamapopera. Lisa anayamba kusanza, thovu kukamwa.

Lizzie ndi Fabiano anathamanga naye pa njinga yamoto mpaka kuchipatala cha mishoni. A Mathew anafikanso, Baibulo lili m'manja.

"Wamwa chiyani?" anafunsa anesi. "Mankhwala ake alipo ambiri. Tione chigubu chake, apo ayi tizingoyerekeza. Chachokera kuti?"

Fabiano ankadziwa kuti akatchula khoti, ntchito yatha, mwinanso ndende.

Lizzie anagwada pansi pomwepo, n'kumugwira mwendo. "Bambo a Lisa, ntchito ziliko zina. Mwanayu alipo yekha. Nenani."

Fabiano anayang'ana bambo ake. Anayang'ana kamwanako, maso atatembenuzika.

"Ndinaba kukhoti. Ndimayesa ndi kachasu. Ndimamwa, bambo."

A Mathew sanakalipe. Anangoti, "Thamanga."

Fabiano anakatsegula kachipinda ka kukhoti kaja, n'kusenza chigubu chija dzuwa likuswa mtengo, pakati pa anthu opita kutchalitchi, onse akuona. Jonas anakumana naye panjira.

"Amwene, mwapenga? Musanditchuletu ine!"

Fabiano anangopitirira mpaka kuchipatala. Anesi ataona chigubu anadziwa chochita. Anati mwana anameza pang'ono, koma akanachedwa nacho, bwenzi tikunena zina. Lisa anatsegula maso, n'kuitana amake. Lizzie analira mpaka mawu kutha, kulira kothokoza.

Lolemba Fabiano anapita yekha kwa amayi majisitireti kukaulula zonse.

"Ndakhala ndikupempha kuti anditumizire antchito ena, sabwera," anatero amayiwo. "Kutopa munatopadi, malipiro ndi ochepadi. Koma kutopa sikutsegula chigubu, a Fabiano. Munatsegula ndinu."

Ntchito inatha. Mlandu wake anaweruza majisitireti wina, n'kumulamula kulambula msewu m'malo mwa ndende, poti anadziulula yekha. Anthu amene kale ankawaitana mayina pakhoti ankamudutsa akumuseka. Iye ankangoweramira khasu lake. Pano amagwira maganyu, mowa anasiya. Pakhomo pamasowa zambiri, koma Lisa akuthamanga pabwalo, mawu okha ndi amene anatsala osasa. Lizzie akamumva akuimba ndi timawu takeko, amasiya chimene akugwira n'kunena, "Zikomo Ambuye."

Inu achinyamata amene akupatsani kiyi pantchito, ngakhale malipiro achepe bwanji, dandaulani ndi pakamwa, manja asagwire za eni. Mowa ndi kuba sizithera kwa iwe wekha. Chimene waba ukachibisa m'nyumba, woyamba kuchipeza ndi mwana wako.